Dzina la Müller linachokera kuti, ndipo eni ake onse ndi pachibale?

Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi, yemwe akugwira ntchito ya unamwino ku Germany, wapeza mnyamata wofuna kumanga naye banja, ndipo tayamba kale kukambirana za chinkhoswe. Mnyamatayo dzina la makolo ake ndi Müller. Mlongo wake wa mtsikanayu, yemwe amakonda mpira, akuti mkamwini wathuyo ayenera kuti ndi mbale wa Thomas Müller, ndipo azakhali ake a ku Manchester akuti kumeneko amagula yogati yolembedwa dzina lomweli, choncho banjalo ndi la anthu achuma. Koma chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti pa mapepala omwe atitumizira, dzinali lalembedwa mitundu itatu: Müller, Mueller ndi Muller. Kodi munthu mmodzi angakhale ndi mayina atatu popanda chimene akubisa? Nanga dzinali ndi chiwongo ngati Phiri kapena Banda?"

Mayi, mtima wanu ukhale m'malo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa Chijeremani ndi kumasulira zikalata za maukwati ndi zobadwira, kalembedwe katatu kameneka ndakumana nako kawirikawiri, ndipo pakokha si chizindikiro cha chinyengo. Koma mlongo wake ndi azakhali ake ndiyenera kuwakhumudwitsa pang'ono, chifukwa dzina la Müller silinena chilichonse za magazi a munthu kapena za chuma cha kwawo. Limangonena ntchito imene kholo lina linkagwira zaka mazana angapo zapitazo.

Müller ndi munthu wapachigayo, wogaya tirigu ndi mbewu zina kuti zikhale ufa. Mawuwa analowa m'Chijeremani kuchokera ku Chilatini, kumene munthu wotere ankatchedwa molinarius, ndipo n'zosadabwitsa chifukwa Aroma akale, eni chilankhulocho, ndiwo anafalitsa mphero zoyendera madzi m'madera a mitsinje ya Rhine ndi Moselle. Chigayo cha nthawi imeneyo chinalibe injini. Chinkamangidwa m'mbali mwa mtsinje, madzi n'kumazunguza gudumu lalikulu la matabwa, gudumulo n'kumazunguza mwala wa mphero wolemera pamwamba pa unzake. M'zigwa za kumpoto, kumene mitsinje imayenda mwaulesi, anthu anayamba kumanga zigayo zoyendera mphepo.

Kalekale Mjeremani ankakhala ndi dzina limodzi lokha, lomwe analandira pa ubatizo. Vuto linayamba pamene matauni anakula, kuyambira m'zaka za m'ma 1100, makamaka m'mizinda ya malonda ngati Cologne. Mayina a ubatizo omwe anthu ankawakonda anali ochepa, moti mumsewu umodzi munkapezeka a Hans ndi a Heinrich ambirimbiri, ndipo wolemba msonkho, ngongole kapena cholowa ankafunika kusiyanitsa Hans uyu ndi Hans uyo. Choncho ankawonjezera mawu ena: dzina la bambo ake, mudzi umene anachokera, maonekedwe a thupi lake, malo omwe nyumba yake inali, kapena ntchito yake. Poyamba mawu owonjezerawo ankafera limodzi ndi mwini wake, koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kupita kwa ana ndi adzukulu, ngakhale ana omwe sanakhudzepo mwala wa mphero. Mchitidwewu unachoka m'matauni n'kufika kumidzi, unachoka kumwera ndi kumadzulo n'kufika kumpoto, ndipo m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, monga East Frisia, anthu anachita kulamulidwa ndi boma kuti akhale ndi dzina la banja lokhazikika mu 1811, m'nthawi ya ulamuliro wa Napoleon.

Mwina mungafunse chifukwa chake wachigayo ndiye anasiya dzina lochuluka kuposa amisiri ena onse. Buledi ndi phala ndizo zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo kunyamula matumba a mbewu ulendo wautali pa misewu yamatope sikunali kotheka, choncho pafupifupi mudzi uliwonse kapena midzi ingapo yoyandikana inali ndi chigayo chake. Pamwamba pa izo panali lamulo lotchedwa Mühlenzwang, limene linkakakamiza alimi a dera kukagayitsa pa chigayo chimodzi chokha, cha mwini nthaka, kaya ndi mfumu ya deralo kapena nyumba ya amonke. Wachigayo ankabwereka chigayocho kwa mwini wake, ndipo nthawi zambiri mwana ankalowa m'malo mwa bambo ake pa pangano lomwelo, motero ntchito ndi dzina zinkayendera limodzi mibadwo ingapo. Komanso m'mudzi mmene pafupifupi aliyense anali mlimi, kutcha munthu kuti mlimi sikunkamusiyanitsa ndi wina aliyense, pamene wachigayo anali mmodzi yekha ndipo aliyense ankamudziwa. Lamulo lokakamizalo linathetsedwa ku Prussia, umodzi mwa maufumu a Ajeremani a nthawi imeneyo, mu 1810, koma pofika nthawi imeneyo dzinali linali litamera kale mizu m'midzi masauzande ambiri.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene imandikhudza nthawi zonse ndikamaiphunzitsa. Wachigayo sankalipidwa ndalama kawirikawiri, koma ankatapa gawo la mbewu imene wabweretseredwa, ndipo m'madera ambiri linali gawo limodzi mwa magawo 16. Popeza mlimi analibe ufulu wopita kwina, ndipo ufa wotuluka unkaoneka wochepa poyerekeza ndi mbewu yomwe inalowa, wachigayo ankakayikiridwa kuti ndi wakuba. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa kuchigayo, maso ali pa ndowa yoyezera, akudziwa kumene kukayikira kotere kumachokera. M'madera ena ntchitoyi inaikidwa m'gulu la ntchito zopanda ulemu, moti mabungwe a amisiri ankakana kulandira ana a wachigayo kuti aphunzire luso lina, mpaka malamulo a ufumu wonse wa Ajeremani a mu 1548 ndi 1577 ananena poyera kuti anthuwa ndi olemekezeka ngati wina aliyense. Ine ndimaona kuti ambiri a iwo ankanamiziridwa. Anali anthu aluso, odziwa kusema mwala, kukonza magudumu ndi kuwongolera madzi, ndipo mkwiyo umene unayenera kupita kwa mwini nthaka unkagwera iwo chifukwa ndiwo ankaonekera. Mikangano ya pachigayo inali yaikulu mpaka buku lakale la malamulo lotchedwa Sachsenspiegel, lolembedwa cha m'ma 1220, linaikamo lamulo lakuti woyamba kufika ndiye ayambe kugayitsa, ndipo Ajeremani amanenabe mawu amenewa ngati mwambi mpaka lero.

Tsopano tifike pa funso lanu la chiwongo. Müller ndilo dzina lofala kuposa onse ku Germany, kumene anthu pafupifupi 700,000 amadziwika nalo, ndipo ndilo lofala kwambiri ku Switzerland. Mayina amene amalitsatira nawonso ndi a ntchito: Schmidt ndi wosula zitsulo, Schneider ndi telala, Fischer ndi msodzi, Weber ndi woluka nsalu, Wagner ndi wopanga ngolo, Becker ndi wophika buledi. Kwathu, a Phiri awiri akakumana paulendo amatha kutchulana kuti achibale ngakhale sakudziwa mudzi wa mnzawo, chifukwa chiwongo chimaloza ku chiyambi chimodzi chimene onse amachivomereza. Dzina la Müller lilibe kholo limodzi. Linabadwa kambirimbiri, m'malo osiyanasiyana ndi pa nthawi zosiyanasiyana, paliponse pamene panali chigayo. A Müller awiri akakumana sachitirana ulemu wa pachibale, sapitirana kumaliro chifukwa cha dzinalo, ndipo akhoza kukwatirana popanda wina kudabwa.

Nkhani ya mpira yomwe mwana wanu wamwamuna watchula ndiyo chitsanzo chabwino. Gerd Müller, wobadwira ku Nördlingen mu 1945, anagoletsa zigoli 365 mu Bundesliga, ligi yaikulu ya mpira ku Germany, ndi zigoli 68 m'masewero 62 a timu ya dziko lake, kuphatikizapo chigoli chimene chinapatsa West Germany chikho cha dziko lonse mu 1974. Thomas Müller, wobadwa mu 1989, anasewera timu yomweyo ya Bayern Munich, anavala nambala 13 ya timu ya dziko monga Gerd, ndipo anatenga nawo chikho cha dziko lonse mu 2014. Onse ndi a ku Bavaria, chigawo cha kumwera kwa Germany, koma sanali pachibale. Ngati anthu awiri ofanana m'zambiri chotere si abale, mwayi woti mkamwini wanu ndi msuweni wa Thomas ndi wochepa ndithu. Ku Brazil kunalinso wosewera wa timu ya dzikolo wodziwika kuti Müller, koma dzina lake lenileni ndi Luís Antônio Corrêa da Costa, ndipo Müller linali dzina la pabwalo chabe.

Chimodzimodzinso makampani. Yogati yomwe azakhali amagula ndi ya kampani ya mkaka imene inayamba mu 1896 m'mudzi wa Aretsried ku Bavaria, ndipo ili ndi fakitale ku Market Drayton ku England. Palinso masitolo ambiri ogulitsa sopo, mafuta odzola ndi zoseweretsa ana, olembedwa Müller pakhomo, omwe mwana wanu amawaona m'matauni a ku Germany. Amenewo anayambitsidwa ndi Erwin Müller, yemwe anayamba ngati wometa tsitsi mu 1953, ndipo likulu lawo lili ku Ulm. Makampani awiriwa ndi osiyana, eni ake ndi osiyana, ndipo anthu otsala mazana a masauzande a dzinali ndi aphunzitsi, oyendetsa mabasi, alimi ndi anamwino wamba.

Kuchuluka kwa dzinali kunavutitsa eni ake kuyambira kale, ndipo njira zimene anapeza zodzisiyanitsira zinabala mayina ena ambiri. Wa chigayo chakumtunda anakhala Obermüller, wa chigayo chatsopano Neumüller, wa chigayo cha m'nkhalango Waldmüller. Munthu amene anajambula mapu oyamba olembedwa dzina lakuti America mu 1507 anali Martin Waldseemüller. Anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, omwe ankanyadira Chilatini, ankasintha dzina lawo kukhala Molitor. Ena ankaphatikizapo dzina la kwawo, monga katswiri wa zomera Hermann Müller wa m'chigawo cha Thurgau ku Switzerland, amene mu 1882 anabereketsa mtundu watsopano wa mphesa ku Geisenheim. Mphesazo ndi vinyo wake zimatchedwa Müller-Thurgau mpaka pano. Zilankhulo za m'madera nazonso zinasiya chizindikiro chawo: kumpoto kwa Germany mudzapeza Möller, ndipo m'madera ena a kumwera mudzapeza Miller, lomwe limafanana ndi la Angerezi ngakhale eni ake sanapondepo ku England. Mayiko oyandikana ali ndi awoawo a tanthauzo lomwelo, monga Mulder ku Netherlands, Meunier ku France, Molnár ku Hungary ndi Melnyk ku Ukraine.

Mwana wanu, pokhala namwino, dzinali anakumana nalo m'mabuku asanakumane ndi mnyamatayo. Timachubu timene timasanduka chiberekero ndi njira za mazira mwana wamkazi akadali m'mimba timatchedwa ndi dzina la Johannes Peter Müller, yemwe anatifotokoza mu 1830. Paul Hermann Müller wa ku Switzerland anapeza mu 1939 kuti mankhwala a DDT amapha tizilombo, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1948. Mankhwalawa anagwiritsidwa ntchito kwambiri polimbana ndi udzudzu wa malungo, ngakhale pambuyo pake anapezeka kuti amawononga chilengedwe. Kachipangizo koyezera cheza choopsa chochokera ku miyala ngati uranium kamatchedwa Geiger-Müller chifukwa Hans Geiger anakakonza ndi wophunzira wake Walther Müller mu 1928. Ngakhale kukhitchini dzinali liliko: nsomba yoviikidwa mu ufa n'kukazingidwa mu batala imatchedwa kuti yaphikidwa mwa njira ya Müllerin, kutanthauza mkazi wapachigayo. Ndipo Ajeremani akafuna kunena za mayi wamba, wosadziwika, amati Lieschen Müller, monga ife timanenera kuti uje.

Dzinali linayendanso ndi anthu osamuka. Herta Müller, yemwe analandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba mu 2009, anabadwira ku Romania, pakati pa Ajeremani amene makolo awo anakhazikika m'dera la Banat. Robert Mueller anatsogolera bungwe lofufuza milandu la FBI ku America kuyambira 2001 mpaka 2013. Ku South Africa ndi ku Namibia kuli mabanja ambiri a Muller ndi Müller. Mabanja ena achiyuda anatenga dzinali pamene maboma anawalamula kukhala ndi mayina okhazikika, ku Austria mu 1787 ndi ku Prussia mu 1812. Ndipo ndinene mosabisa kuti mkulu wa apolisi achinsinsi a Hitler, a Gestapo, anali Heinrich Müller, pamene Hermann Müller wina, yemwe anatsogolera boma la Germany kawiri nthawi ya Hitler isanafike, anali wa chipani chimene chinkatsutsana ndi a Nazi. Dzina limodzi lanyamula anthu abwino ndi oipa, ndipo simungaweruze nalo mkamwini wanu, kaya pomukweza kapena pomutsitsa.

Za kalembedwe katatu kaja, chiyambi chake n'chophweka. Timadontho tiwiri ta pamwamba pa ü tinachokera ku kachilembo ka e komwe alembi akale ankalemba pamwamba pa u posonyeza kuti katchulidwe kasintha. N'chifukwa chake lamulo la kalembedwe ka Chijeremani limati pamene makina alibe ü, alembe ue. Müller ndi Mueller kawirikawiri ndi dzina limodzi, ndipo pasipoti ya ku Germany imasonyeza zonse ziwiri pa tsamba limodzi: pamwamba pamalembedwa Müller, ndipo m'mizere iwiri ya pansi, imene makompyuta a pabwalo la ndege amawerenga, mumalembedwa MUELLER. Mupemphe mwana wanu ayang'ane tsamba limenelo ndipo adzaona yekha. Kalembedwe kachitatu, Muller, kamabwera pamene mlembi wa kunja wangosiya timadonthoto chifukwa sakutidziwa kapena kompyuta yake yakana. Ndikuganiza kuti pepala lomwe lalembedwa choncho linadzazidwa kunja kwa Germany. Dziwani komabe kuti alipo mabanja amene dzina lawo la m'kaundula ndi Mueller kapena Muller weniweni, monga ambiri a ku Alsace ndi Lorraine m'dziko la France, choncho chimene chimalamula ndi chikalata chobadwira ndi pasipoti ya munthuyo.

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni, ndipo ndikupemphani musaichepetse. Ndaonapo chikalata cha ukwati cholembedwa kwathu kuno dzina la mwamuna litalakwika chilembo chimodzi, ndipo banjalo linataya miyezi likuyenda m'maofesi kuti litsimikize kuti munthu wa pachikalata ndi wa pa pasipoti ndi mmodzi. Ngati ukwati udzalembetsedwe ku Malawi, kaya kutchalitchi kapena kwa boma, wina aime pafupi ndi wolembayo pasipoti ili m'manja, ndipo asasayine chilichonse asanawerenge dzinalo chilembo ndi chilembo. Ngati makina akukana ü, alembe Mueller monga zilili m'mizere ya pansi ya pasipoti, osati Muller. Tikiti ya ndege, fomu ya viza ndi mapepala a kubanki zitsate njira yomweyo.

Mwana wanu adziwenso kuti lamulo la ku Germany silimukakamiza kutenga dzina la mwamuna. Kuyambira mu 1994, aliyense mwa okwatirana akhoza kusunga dzina lake, kapena awiriwo akhoza kusankha limodzi, la mwamuna kapena la mkazi, kuti likhale la banja. Kuyambira pa 1 Meyi 2025 lamulo linalolanso kuti onse awiri, pamodzi ndi ana awo, akhale ndi dzina lophatikiza mayina awiriwo. Popeza satifiketi zake za unamwino ndi pasipoti ya Malawi zili m'dzina lake la panopa, aganizire bwino asanasinthe, chifukwa kusintha dzina kumatanthauza kusinthanso mapepala ambiri m'mayiko awiri. Anthu oyenera kuwafunsa ndi a ofesi yolembetsa maukwati ya m'tauni imene akukhala, yotchedwa Standesamt. Iwo ndiwo adzamuuze zikalata zomwe mlendo amafunika, kuphatikizapo umboni woti sali pabanja, ndipo apite msanga chifukwa kutsimikiza zikalata zochokera kunja kumatenga nthawi. Kumbali ya kuno, ofesi ya kazembe wa Germany ku Lilongwe ndiyo ingakuuzeni za viza ngati mukufuna kukakhala nawo pa mwambowo.

Chenjeraninso ndi anthu amene amadyera pa kufala kwa dzinali. Pa intaneti pali ogulitsa zithunzi za chishango zomwe amati ndi chizindikiro cha banja la Müller, koma chizindikiro chotere chimakhala cha banja limodzi lodziwika ndi mbadwa zake, osati cha aliyense wa dzinalo. Palinso makalata onena kuti munthu wina wolemera wa dzinali wamwalira wopanda mwana ndipo chuma chake chikudikira wachibale, bola mutumize kaye ndalama zolipirira mapepala. Musayankhe makalata otere.

Ngati banja la mnyamatayo likufuna kudziwa mzere wawo weniweni, njira yake ndi kuyambira pa agogo n'kumabwerera m'mbuyo, osati kuyambira pa dzina. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse la Germany mu 1876, ndipo zaka za m'mbuyo mwake zimapezeka m'mabuku a ubatizo a matchalitchi, omwe ambiri anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti: a Chipulotesitanti pa Archion, a Chikatolika pa Matricula. Chofunika kwambiri ndi dzina la mudzi umene agogowo anabatizidwira, chifukwa popanda mudzi mudzasochera pakati pa a Johann Müller osawerengeka, ndipo kulakwitsa kofala ndiko kulumikiza mzere wanu kwa munthu wolakwika chifukwa chakuti dzina ndi chaka zagwirizana. Mabuku akalewo analembedwa m'kalembedwe ka pamanja kamene Ajeremani ambiri a lero satha kuwerenga, ndipo apo m'pamene munthu amafunika katswiri wofufuza mbiri ya mabanja. Ofuna kufotokozeredwa za dzina lenilenilo akhoza kulembera bungwe la Gesellschaft für deutsche Sprache ku Wiesbaden.

Koma zimene mukufunadi kudziwa, Mayi, zakuti mnyamatayu ndi mwana wa yani, analeredwa motani ndipo sanasiye banja kwina, dzina silingakuuzeni. Zimenezo ndi ntchito ya ankhoswe, ndipo mtunda usakulepheretseni kuwatuma. Pemphani kuti amalume ake a mtsikanayu alankhule ndi makolo a mnyamatayo pa foni ya kanema, ndipo mwana wanu afotokozeretu apongozi akewo kuti kwathu ukwati umamangidwa ndi mabanja awiri, chifukwa kwawo mwambo wa unkhoswe kulibe ndipo mwina angadabwe. Powatchula, bambo ndi Herr Müller ndipo mayi ndi Frau Müller, mpaka iwo eni atakupemphani kuti muziwatchula mayina awo oyamba. Potchula ü, sonkhanitsani milomo ngati mukufuna kunena u, koma mutulutse i milomo ikadali choncho, ndipo r wakumapeto musamugogomeze, angomveka ngati a wofupika.